Kupeka Moto: Mbiri ya Timitengo Tiwiri m'Dziko la Thyolo

Mau akuti "kupeka" ana a sukulu a masiku ano amawadziwa pa tanthauzo limodzi lokha, ndilo la kupeka nyimbo kapena kupeka nkhani. Ndipo mwana akanena bodza timati wangopeka. Koma mau omwewa ali ndi nchito ina imene iri kuiwalika, ndiyo kupeka moto, kumene kuli kupota kamtengo pakati pa zikhato pamwamba pa kamtengo kanzace kufikira moto utabadwa. Ine ndiona ngati matanthauzo awiriwa ndi apacibale, pakuti wopeka nyimbo ndi wopeka moto onse awiri aturutsa cinthu pamene anzao sanali kuona kanthu. Ndasankha kufotokoza mbiri ya lusoli ndi maso a ku Thyolo, cifukwa m'boma limeneli munakomana Amang'anja eni nthaka, Alomwe ocokera kum'mawa, ndi Azungu a minda ya tiyi, ndipo mtundu uli wonse unadza ndi moto wace.

Tiyambe ndi nchito yeniyeniyo, pakuti ambiri amene amaichula sanaione ndi maso. Wopeka afuna kamtengo kogona pansi, kamtengo koimirira, ndi zinyatsi zolandira moto. Kogona kayenera kukhala kofewa, kouma gwa, ndi kopanda utomoni, monga nthambi ya mkuyu kapena ya mpoza imene inaumira pa mtengo pomwepo. Nkhuni yotola pansi siyenera, popeza imakhala itamwa cinyezi ca m'nthaka. Amakasema kuti kakhale kathyathyathya, naboolapo kadzenje kosazama cakumphepete, natema kampata kocokera m'kadzenjemo kuturukira kumbali. Koimirira kakhale koongoka ngati mubvi, konenepa ngati cala, ndi kotalika ngati mkono. Tsono munthu agwada, naponda kogonako ndi phazi kuti kasasunthe, nalonga nsonga ya koimirira m'kadzenje muja, nayamba kupota, uku akukanikiza pansi. Zikhato zimatsetsereka kunka m'munsi, cotero ayenera kuzibwezera kumwamba msanga monga kuphethira kwa diso, kuti malo opekawo angazizire. Ndico cifukwa cace nthawi zambiri anthu amapeka awiri: wina akafika pansi, mnzace ayambira pamwamba.

Cimene anthu ambiri sacizindikira ndi ici, cakuti moto subadwira pa nsonga ya kamtengo ai. Timitengo tikamapekesana timaperesa utuci wosalala ngati ufa, ndipo utuciwo umagwera m'kampata muja nuunjikana. Poyamba uoneka wofiirira, kenaka ubiriwira, kenaka uda bii. Utsi uyamba kufuka, ndipo kutentha kukakwera kupitirira madigiri 300, mulu wa utuciwo ugwira kakhala kamoto kakang'ono ngati njere ya mapira. Lawi palibe. Wopekayo atenga kakhalako mosamala, nakaika m'cisa ca udzu wouma, kapena ca makungwa otikita, kapena thonje, kapena ndowe youma, nauzira pang'onopang'ono kufikira lawi liti phwi. Nzeru yonse ya lusoli iri pa kampata kaja. Munthu wopota pa thabwa lopanda kampata angathe kupota kufikira zikhato zitacita matuza, nadzangoona utsi wokha, pakuti utuci wace umwazika usanagwire moto. Amene anayamba kutema kampatako anali munthu wopenyetsetsa ndi woganiza, wolingana ndi akatswiri amene maina ao timaloweza m'mabuku a sayansi.

Ku Thyolo kuli cobvuta cina cimene anthu a kucigwa ca Shire sacidziwa kwenikweni, ndico ciperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zimene zimakuta mapiri m'miyezi yacisanu. Pa masiku otere mtengo uli wonse wa kuthengo umakhala wonyowa, ndipo wopeka amene sanasunge timitengo tace kutsindwi, pamwamba pa mafuwa pamene utsi umaumitsa zinthu, adzagona ndi cisanu.

Mitundu ya anthu inapeza njira zosiyanasiyana za nchito yomweyi. Ku Afrika kuno njira yofala ndiyo yopota ndi manja. Aigupto akale anali kukulunga cingwe ca kauta pa kamtengo koimirira, namakoka utawo uku ndi uku. Ndipo pamene Howard Carter anapeza manda a mfumu Tutankhamun m'caka ca 1922, pakati pa cuma ca golidi munali kathabwa ka timaenje topserera pamodzi ndi copekera cace, zimene zinagona m'menemo zaka zoposa 3,200. Anthu a kum'mwera cakum'mawa kwa Asia amaceka nsungwi ndi nsungwi inzace monga ndi sowo. A pa zisumbu za nyanja ya Pacific amakhula nsonga ya kamtengo m'kangalande ka mtengo wina, ndipo Charles Darwin ataona zimenezi ku Tahiti m'caka ca 1835 anayesako yekha, nalemba kuti eni ace anatenga kamphindi kocepa pamene iye anacita kukhetsa thukuta. Mbiri ya ciyambi ca lusoli ndi yobvuta kuilondola, cifukwa timitengo timabvunda ndi kudyedwa ndi ciswe. Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, pamene J. Desmond Clark anayamba kukumba m'caka ca 1953, panapezeka mitengo yakale kwambiri, ina yace yoonetsa kupserera. Ndipo m'caka ca 2023 akatswiri analengeza kuti zipika zina zosemedwa za pamalopo ziri ndi zaka pafupifupi 476,000. Koma kusunga moto umene mphezi yayatsa m'chire ndi kwina, kuupanga wekha ndi manja ndi kwinanso, ndipo mtengo wopserera ungotiuza za coyambaco.

Makolo athu anaika kupeka moto pa ciyambi penipeni pa mbiri ya munthu. Nthano ya Kaphirintiwa, phiri la m'mapiri a Dzalanyama, isimba kuti Cauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse, nakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anatenga timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, nayamba kupota mosewera, ndipo moto unabuka nugwira chire lonse. Garu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, koma njobvu, mkango ndi zinzao zinathawira kuthengo ziri ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Birimankhwe anakwera mumtengo naitana Cauta kuti amtsate, koma Cauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Pamenepo kangaude analuka ulusi wace namkweza kumwamba. Ndipo Cauta analamula kuti kuyambira pamenepo munthu adzafa. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe amene anaphunzira kwambiri cipembedzo ca Amang'anja, anaonetsa kuti nthanoyi ikutsata kayendedwe ka caka: Cauta atsika ndi mvula yoyamba, nakwera ndi utsi wa lupsya pa nyengo ya cirimwe. Ine ndionjezapo kuti nthanoyi siitamanda wopeka moto monga ngwazi, ndiponso siimuyesa mfiti. Imuonetsa monga munthu amene anapeza mphamvu yoposa msinkhu wace, nalipira mtengo wace.

Dzina lomwe la dziko lathu likhudzana ndi moto. Apwitikizi a m'zaka za m'ma 1600 analemba za ufumu wa Maravi, ndipo ambiri amamasulira dzinali kuti malawi a moto; ndilo dzina limene dziko linatenga pa 6 July 1964. Miyambo isimba kuti ku likulu la Kalonga kunali moto wosazima, umene unali kuzimitsidwa pokhapokha mfumu ikamwalira. Amang'anja a ku Thyolo ndi a kucigwa, amene mfumu yao yaikuru inali Lundu ndipo kacisi wao wamkuru ndi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi nthambi ya Amaravi omwewo, monga E. W. Chafulumira anafotokozera m'buku lace la Mbiri ya Amang'anja. David Livingstone poyenda m'mapiri a Shire m'caka ca 1859 anawapeza akuyenga citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, mikondo ndi mipeni. Anthu odziwa kusungunula miyala ndi makala ndi mvukuto sanali alendo pa nkhani ya moto.

Tsono pano pali colakwa cimene ndimacimva kawirikawiri m'kamwa mwa aphunzitsi, ndipo ndifuna cikonzedwe. Amauza ana kuti kale, macesi asanabwere, mai ali yense anali kudzuka m'mamawa ndi kupeka moto wophikira phala. Sizinali conco. Moto wa pamudzi sunali kuzima wamba. Madzulo mai anali kusonkhezera cikuni cacikuru ca mtengo wolimba, nakwirira makala ndi phulusa, ndipo m'mawa anangofukula ndi kuuzira. Ukazima, anatuma mwana ndi phale kapena tsekera kukapala moto kwa mnansi. M'mudzi wa nyumba makumi awiri sikunali kotheka kuti moto uzime m'nyumba zonse usiku umodzi. Cinenero cathu cicitira umboni zimenezi. Anthu akadana timati sapalana moto, ndipo munthu wodziputira mlandu woposa msinkhu wace timati wapala moto kudambwe. Mau a kupala moto ali pali ponse m'zokamba zathu, pamene a kupeka moto amveka mwa apo ndi apo, cifukwa kupala kunali kwa tsiku ndi tsiku ndipo kupeka kunali kwa masiku osankhika.

Masiku osankhikawo anali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa anthu okhala kutali ndi mudzi: alenje a ku uzimba, ofula njuci, amtengatenga, ndi othawa nkhondo. Mtundu waciwiri ndi wa mwambo, pamene moto wakale unayesedwa wodetsedwa kapena wotha nchito, ndipo panafunika moto watsopano umene sunaphikepo kanthu. Audrey Richards, m'buku lace la 1956 lonena za cinamwali ca Abemba, anafotokoza za kuyatsa moto watsopano ndi timitengo pa mwambowo. Monica Wilson analemba kuti Anyakyusa, abale a Ankhonde a ku Karonga, polonga mafumu a mbadwo watsopano anali kuzima moto m'dziko lonse ndi kupeka wina, umene nyumba zonse zinapalako. M'mitundu yambiri ya Afrika kamtengo koimirira kamachedwa kamuna ndipo kogona kamachedwa kakazi. Ndipo amene adziwa mwambo wathu wa mdulo, umene ugawa anthu kukhala otentha ndi ozizira, aona yekha cifukwa cace moto wotere sunali wopekedwa ndi munthu wamba pa nthawi iri yonse.

Wina asaganize kuti zimenezi ndi za anthu akuda okha. Ku mapiri a Scotland, kwao kwa amishoni amene anamanga Blantyre Mission m'caka ca 1876, ng'ombe zikagwidwa ndi mliri anthu anali kuzima moto m'nyumba zonse za m'dera, napeka watsopano ndi mitengo, napititsa ng'ombe mu utsi wace; ndipo mwambowo unafika ndithu m'zaka zoyamba za m'ma 1800. Macesi okhula anapangidwa ndi John Walker wa ku Stockton-on-Tees, amene anayamba kuwagulitsa m'caka ca 1827, ndipo macesi osayaka wamba, ofuna mbali ya bokosi lace, anakonzedwa ku Sweden m'zaka za m'ma 1840 ndi 1850. Cotero Mzungu amene anadabwitsa agogo athu ndi kabokosi ka macesi anali mdzukulu wa munthu amene sanaone macesi pa ubwana wace. Kusiyana kwace kunali zaka 50 zokha.

Zaka za m'ma 1860 zinali zowawa m'mapiri a Shire. Nkhondo za ukapolo ndi njala ya 1862 ndi 1863 zinapasula midzi yambiri ya Amang'anja, ndipo m'caka ca 1884 Angoni a Maseko anaoloka Shire nathira nkhondo dera lomwelo. Pa nthawi zotere, pamene anthu anabisala m'mapanga ndi m'nkhalango ndipo panalibe mnansi wokapalako moto, timitengo tiwiri tinali cuma coposa mkanda. Dziko limene Azungu oyamba analiyesa lopanda anthu linali dziko limene eni ace anamwazikana. Boma la Britain litakhazikitsa ulamuliro wace m'caka ca 1891, Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo amene anati anagula kwa mafumu ndi aodi. Malo akuru a Eugene Sharrer anagwa m'manja mwa British Central Africa Company m'caka ca 1902, ndipo kampaniyi inakhala mwini wa nthaka yambiri ya ku Thyolo, kumene Azungu anali kulemba kuti Cholo. Tiyi, amene anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'caka ca 1891, anafika ku Thyolo ca m'ma 1908. Maclean Kay anayamba munda wa Satemwa m'caka ca 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 tiyi anafalikira m'mapiri monse m'malo mwa fodya.

Manja othyola tiyiyo ambiri anali a Alomwe. Iwo anayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho, nchito yokakamiza ndi njala m'dziko la Apwitikizi. Kalembera wa 1921 anawapeza ali ngati 120,000, ndipo wa 1945 anawapeza ali pafupifupi 380,000. Anayenda pansi masiku ambiri, ana kumbuyo ndi mitolo pamutu, akugona m'thengo, ndipo ulendo wotere ndi umene umafuna munthu mmodzi wodziwa kupeka. Pofika kuno analibe malo aoao, cotero eni minda anawalandira pa pangano la thangata, lakuti agwire nchito mwezi umodzi kulipira malo okhalapo ndi mwezi wina kulipira msonkho wa nyumba, ngakhale miyeziyo kawirikawiri inali kutalika kuposa ya pa kalendala. Thangata linatha m'caka ca 1962.

Ndalama za msonkho ndi za malipiro ndizo zinatsegulira macesi khomo. Munthu amene kale sanafune ndalama tsopano anali nazo pang'ono pa kutha kwa tikiti, ndipo masitolo a Mandala ndi a Amwenye anali pafupi ndi mcere, nsaru, sopo, palafini ndi macesi. Amuna ocokera ku migodi ya Johannesburg ndi ku Harare anabwera nao m'masutikesi. Macesi ndi opepuka, ocepa mtengo, ndipo mwana angathe kuwayatsa. Palibe cifukwa cowadandaulira, ndipo mai amene anazolowera kukhula kamodzi sangabwerere ku matuza a m'zikhato. Koma tizindikire kuti macesi okha sakadapha lusoli msanga cotere. Kupeka kunali kwa mlenje, kwa wapaulendo ndi kwa mwini mwambo, ndipo pa esiteti onse atatuwa anasowa malo. Thengo la uzimba linasanduka mizere ya tiyi. Kutentha chire, kumene pamudzi kunali ndi nyengo yace ndi mwini wace woyatsa, pa malo a Mzungu kunasanduka mlandu. Ndipo m'komboni, m'mene belu ndi kapitao ndiwo anali kulamula nthawi, munakhala anthu a mafuko ndi malirime osiyana, opanda mfumu imodzi yoti inganene kuti lero moto wonse uzime.

Cinthu cina codabwitsa ndi cakuti moto waukuru woposa wonse umene Thyolo anauonapo unadza ndi tiyi yemweyo. Masamba akathyoledwa amayamba afota, kenaka apotedwa kapena kudulidwa ndi makina, nasiyidwa kuti afiire, ndipo potsiriza aumitsidwa ndi mpweya wotentha kuti akhale tiyi wakuda amene timamwa. Kutenthako kucokera m'ng'anjo za fakitale, zimene pa nyengo ya dzinja, tiyi akacuruka, zimadya nkhuni usana ndi usiku. Ndico cifukwa cace esiteti iri yonse iri ndi nkhalango yace ya bulugama, mtengo wa ku Australia umene umakula msanga ndi kuphukanso ukadulidwa. Nkhalangozo ziri ndi alonda. Cotero mbiri ya moto ku Thyolo inatembenuka: kale nkhuni zinali pali ponse ndipo cobvuta cinali kuyatsa, koma tsopano kuyatsa ndi kwa mwana ndipo cobvuta ndi nkhuni. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 ali onse m'Malawi anali kuphikira nkhuni kapena makala. Anthu opanikizika pakati pa minda ya tiyi anakwera phiri la Thyolo ndi nkhwangwa ndi makasu, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ndi zoyamba za m'ma 2000 nkhalango yacilengedwe ya paphiripo inatha pafupifupi yonse. Ndi copepuka kuwadzudzula. Koma mwambi uja wakuti moto umapita kumene kwatsala chire unena zoona za anthu osowa malo monga unenera za moto.

Kwa ife amene tiri kukonzekera kukaphunzitsa ana, nkhani iyi iri ndi phindu loposa kukumbukira zakale. M'buku la sayansi muli phunziro lakuti zinthu ziwiri zikakhulana zimaturutsa kutentha, ndipo mphunzitsi amauza ana kuti atikite zikhato zao, nathera pomwepo. Timitengo tiwiri tingaphunzitse phunziro lomwelo kufikira pa lawi, ndi kuonetsanso cifukwa cace moto ufuna mpweya, cifukwa cace cinyezi cimauletsa, ndi cifukwa cace utuci ugwira msanga kuposa cipika. Pamodzi ndi zimenezi mwana atola mau amene ali kutayika: kupeka, kupala, kukoleza, kusonkheza, kufumula cikuni, muuni, nsakali, lupsya, mwaye. Ngati kalasi iri ndi ana a Cilomwe kapena a Ciyao, awatume akafunse agogo ao maina a timitengoti m'cinenero cao ndi mitengo imene anali kusankha, ndipo mayankho alembedwe m'kope la sukulu pamodzi ndi dzina la mudzi ndi caka, pakuti okalamba amene anaona zimenezi ndi maso atsala owerengeka.

Woyesa phunziroli asankhe mwezi wa September kapena October, masana dzuwa liri pamutu, pa bwalo losesa bwino lotalikira udzu, tiyi ndi bulugama, ndowa ya madzi iri pambali. Timitengo atidule milungu ingapo tsikulo lisanafike ndi kutisunga kutsindwi la khichini. Ana apeke awiriawiri molandizana, ndipo mphunzitsi ayambe wayesa yekha kunyumba.